Hayes Hall inagwetsedwa ili m'kaundula: kuunika ntchito ya National Register of Historic Places

Nyumba ya Hayes Hall ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America, inalowa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale m'chaka cha 1979. Pofika 1988 inagwetsedwa, patangotha zaka 100 chiikireni mwala wake wa maziko. Iyi ndi nyumba imene M'busa John Chilembwe anaphunziramo asanabwerere kwawo kukayambitsa Providence Industrial Mission, ndipo ndi imene ndikufuna kuyezera ntchito ya kaundulayu. Dzina lake ndi National Register of Historic Places. Amamuyendetsa ndi a National Park Service, nthambi ya boma lalikulu la America, mogwirizana ndi maofesi a m'zigawo, ndipo ku Virginia ofesi imeneyi ndi Department of Historic Resources, mwachidule DHR.

Chigamulo changa ndichineneretu. Ngati nkhokwe ya mbiri, kaundulayu ndi wamtengo wapatali, ndipo simulipira kalikonse kuti muwerenge zikalata zake. Koma pa ulonda wa nyumba ndi wofooka kwambiri, ndipo kufookako kunalembedwa m'malamulo ake omwe. Anthu ambiri, ngakhale eni nyumba amene, amaganiza kuti nyumba ikalembedwa ndiye kuti yapulumuka. Sizili choncho.

Tiyambe ndi nyumbayo, chifukwa munthu sangamve kukula kwa chimene chinatayika asanadziwe amene anaimanga. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America inatha mu 1865, ukapolo n'kuthera pomwepo. Mu 1867 mipingo ya Baptist ya anthu akuda ku Virginia inakhazikitsa bungwe lake, Virginia Baptist State Convention. Pamsonkhano wa bungweli mu Meyi 1886 ku Lexington, M'busa Phillip F. Morris wa mpingo wa Court Street Baptist ku Lynchburg anapereka maganizo oti mipingoyi ikhale ndi sukulu yakeyake. Mwala wa maziko unaikidwa mu Julaye 1888, ndipo sukulu inatsegulidwa mu Januwale 1890 ndi ophunzira 33. Amene anasonkha ndalamazo anali anthu oti ambiri mwa iwo anabadwira mu ukapolo, ndipo panali patangopita zaka zoposa pang'ono 20 chimasulidwireni. Anamanga nyumba ya njerwa yosanjikizana, ya denga la mtundu wa mansard (lotsetsereka kwambiri m'munsi, loyandikira kukhala lafulati pamwamba), ndipo pazaka zoyambirirazo nyumba imodziyi ndiyo inali sukulu yonse.

Morris ndiye anali mkulu woyamba wa sukuluyi. Mu 1891 udindowu unapita kwa Gregory W. Hayes, amene anaphunzira ku Oberlin College, ndipo anautsogolera mpaka imfa yake mu 1906. Dzina la nyumbayi linachokera kwa iyeyu. Hayes amakumbukiridwa chifukwa cha mkangano wake ndi American Baptist Home Mission Society, bungwe la azungu a Baptist a kumpoto limene linkathandiza sukulu za anthu akuda ndi ndalama. Thandizolo linkabwera ndi ulamuliro, ndipo bungweli linkaika mtima wake pa Virginia Union University, imene inakhazikitsidwa ku Richmond mu 1899. Hayes anakana kuti sukulu imene anthu akuda anadzimangira okha iziyendetsedwa ndi ena. Mkanganowu unagawa a Baptist akuda a ku Virginia pawiri m'chaka chomwecho cha 1899, ndipo sukulu ya ku Lynchburg inatsala ikudalira zopereka za mipingo yake. Chiphunzitso cha Hayes chinali kudzidalira ndi kudziimira paokha pa zauzimu. Aliyense wodziwa zimene Chilembwe anakachita ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kuyambira mu 1900 aona msanga kumene mbewuyo inathiriridwa. Iye anafika ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, ndipo zaka zake za ku Lynchburg zinagwera pakatikati pa mkanganowu.

Enanso anadutsa pakhomo lomweli. Mlakatuli Anne Spencer anamaliza maphunziro ake pasukuluyi mu 1899. Ota Benga, mwamuna wa ku Congo amene anaonetsedwa ngati chinthu chodabwitsa pachionetsero cha ku St. Louis mu 1904 ndiponso kumalo osungira nyama a Bronx Zoo mu 1906, anabwera ku Lynchburg mu 1910, nasamalidwa ndi banja la malemu Hayes, mpaka pamene anadzipha mu Malichi 1916. Vernon Johns, amene pambuyo pake anakhala m'busa wa Dexter Avenue Baptist Church ku Montgomery asanafike Martin Luther King Jr., anatsogolera sukuluyi kuyambira mu 1929. Mu Disembala 1960 ophunzira a pano anali m'gulu la achinyamata asanu ndi mmodzi, akuda ndi azungu, amene anamangidwa chifukwa chokhala pamodzi pamalo odyera a sitolo ya Patterson mumzindawu. Nyumba imodzi yokhala ndi mbiri yochuluka chonchi sinkafunika kuchonderera kuti ilowe m'kaundula.

Tsopano ku ntchito imene tikuunikayi. Funso loyamba kwa munthu wamba, kaya ndi mphunzitsi, mtolankhani kapena m'busa wofufuza mbiri ya mpingo, ndi lakuti kodi zikalatazo zimapezeka mosavuta? Zimapezeka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Makomo ndi atatu. Loyamba ndi tsamba la pa intaneti la DHR, pomwe malo olembedwa anasanjidwa potsata boma laling'ono kapena mzinda. Lachiwiri ndi tsamba la National Park Service, limene lili ndi mindandanda yoti mukhoza kukopera mu kompyuta yanu, wa malo olembedwa payekha ndi wa malo ochotsedwa payekha. Lachitatu ndi National Archives Catalog, kumene anaikako zithunzi za mafayilo a malo amene analembedwa kufikira chaka cha 2012. Pa atatuwa, la DHR ndi losavuta kuyendamo, ndipo kawirikawiri limapereka chidule cha mbiri ya malowo pamodzi ndi fomu yonse ya PDF imene analembetsera malowo m'kaundula.

Misampha ilipo ingapo, ndipo pafupifupi yonse ndi ya mayina. Sukuluyi yasintha dzina kangapo: inayamba ngati Lynchburg Baptist Seminary, mu 1890 inakhala Virginia Seminary, mu 1900 Virginia Theological Seminary and College, mu 1962 Virginia Seminary and College, ndipo kuyambira 1996 ndi Virginia University of Lynchburg. Mukalemba "Virginia Theological Seminary" basi, makina ofufuzira akutengerani ku Alexandria, kusukulu ya mpingo wa Episcopal imene ilibe ubale uliwonse ndi iyi. Mukalemba "Lynchburg Baptist College" mufika ku Liberty University, imene Jerry Falwell anayambitsa ndi dzina limenelo mu 1971. "University of Lynchburg" nayo ndi sukulu ina, imene mpaka 2018 inkatchedwa Lynchburg College. Ngakhale dzina loti Hayes Hall lilinso pa nyumba za ku Ohio State University ndi University at Buffalo, ndipo zimenezo ndi zimene zimatulukira pamwamba. Choncho lembani dzina la nyumba, la mzinda ndi la chigawo nthawi imodzi. Dziwaninso kuti ku Virginia mizinda ngati Lynchburg imaima payokha, siili pansi pa boma laling'ono lililonse, ndiye mukaifunafuna pamndandanda wa maboma ang'onoang'ono simuipeza. Manambala a mafayilo a DHR a mumzindawu amayamba ndi 118. Manambala akale a National Park Service ali ndi manambala asanu ndi atatu, ndipo awiri oyambirira amasonyeza chaka chimene malowo analembedwa, kotero nyumba ya 1979 nambala yake iyamba ndi 79.

Msampha waukulu ndi uwu: nyumba ikagwetsedwa ikhoza kuchotsedwa m'kaundula, motsatira lamulo la 36 CFR 60.15. Ndiye ngati mukufufuza pamndandanda wa malo olembedwa, Hayes Hall simuiona. Muyenera kupita pamndandanda wa malo ochotsedwa. Apa ntchitoyi ndikuichotsera mamakisi. Munthu wongoyamba kumene sangadziwe kuti mindandanda ndi iwiri, ndipo akhoza kuchoka akuganiza kuti nyumbayo sinalembedwepo. Chikhalirecho nyumba zotayikazi ndi zimene zikalata zake zili zofunika koposa, popeza palibenso khoma loti munthu akaliyang'ane. Njira yachiwiri yofikira ku mbiri ya Hayes Hall ndi fomu ya 2011, pamene bwalo lakale la Virginia University of Lynchburg linalembedwa lonse pamodzi ngati dera la mbiri.

Nanga m'fomumo muli chiyani? Magawo awiri ndi amene ali ndi nyama. Gawo 7 limafotokoza nyumbayo mmene ikuonekera: zipangizo, nsanjika, denga, mawindo, zimene zinasinthidwa ndi nthawi imene zinasinthidwa. Gawo 8 limafotokoza chifukwa chake nyumbayo ili yofunika. Zifukwa zovomerezeka ndi zinayi, zotchedwa A, B, C ndi D: kukhudzana ndi zochitika zazikulu za m'mbiri, kukhudzana ndi munthu wodziwika, luso la kamangidwe, ndi kuthekera kopereka chidziwitso akatswiri akakumba pansi. Nthawi zambiri malo amayenera kukhala ndi zaka zosachepera 50. Amaonanso ngati nyumbayo ikadali chimodzimodzi pa zinthu zisanu ndi ziwiri, monga malo ake, mapulani ake, zipangizo ndi luso la amisiri. Nyumba za mipingo zili ndi lamulo lapadera: sizilembedwa chifukwa cha chikhulupiriro chimene chimalalikidwamo, koma chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe. Sukulu ya azibusa ngati ya ku Lynchburg imadutsa mosavuta pa mbali ya maphunziro ndi mbiri ya anthu akuda.

Mafomu sali ofanana kulemera. A m'zaka za m'ma 1970 ankalembedwa pa taipi, ndi aafupi, masamba owerengeka ndi zithunzi zochepa zopanda mtundu. A masiku ano amafika masamba makumimakumi, okhala ndi mapu, zithunzi zambiri ndi umboni wa pamene mfundo iliyonse yachokera. Choncho werengani fomu yakale kuti muone nyumba mmene inalili ikadaima, ndipo werengani yatsopano kuti mumve mbiri ya sukulu mwatsatanetsatane. Koma musayembekezere mapulani oyezedwa. Kaundulayu safuna kuti nyumba iyezedwe chipinda ndi chipinda. Ntchito imeneyo ndi ya Historic American Buildings Survey, imene inayamba mu 1933 ndipo zojambula zake zimasungidwa ku Library of Congress, ndipo si nyumba iliyonse yolembedwa imene inayezedwa. Ichi ndi chosowa chachikulu. Fomu ikhoza kukuuzani kuti nyumba inali ndi masitepe a matabwa, koma singakuuzeni kuti anali otambalala bwanji, kapena kuti chipinda chimene ophunzira ankagonamo chinkayang'ana kuti. Kumbukiraninso kuti fomu imakamba za nyumba. Mayina a ophunzira, maphunziro amene ankatenga ndi makalata awo muyenera kukazifuna kwina.

Tifike pa funso lopweteka lija. Zinatheka bwanji kuti nyumba yolembedwa igwetsedwe? Kaundulayu anabadwa ndi lamulo la National Historic Preservation Act la 1966, panthawi imene boma lalikulu la America linkagumula madera athunthu a m'mizinda kuti limange misewu ikuluikulu. Lamuloli linapangidwa kuti limange manja boma lenilenilo, osati eni nyumba. Gawo 106 la lamuloli limati ntchito iliyonse yogwiritsa ndalama za boma lalikulu, kapena yofuna chilolezo chake, iyambe yaunika mmene ikhudzire malo a mbiri, ndipo akambirane ndi ofesi ya m'chigawo. Ngakhale pamenepo lamulo limangokakamiza kukambirana. Mapeto ake akhoza kukhala oti nyumba ijambulidwe zithunzi kenako igwe. Koma mwini nyumba akamagwiritsa ndalama zake, pamalo ake, kaundula alibe mawu. Akhoza kusintha nyumbayo, kuisiya kuti iwole, kapena kuigwetsa mawa osauza National Park Service. Kuyambira 1980 mwini nyumba alinso ndi mphamvu yokana kuti nyumba yake ilembedwe. A National Park Service sabisa zimenezi, amazilemba poyera patsamba lawo, ndipo pa kuona mtima kumeneku ayenera kuyamikiridwa. Vuto ndi loti chikwangwani chachitsulo cha pakhoma chimapatsa anthu odutsa chikhulupiriro chimene lamulo silinalonjeze.

Mphamvu yeniyeni ya kaundulayu ili pa ndalama, ndipo apa ndi pamene sukulu zosauka za mipingo zimagwera pakati. Mwini nyumba yolembedwa akaikonza motsatira miyezo ya boma, amachotseredwa pa msonkho wake 20 pa 100 alionse a ndalama zimene wagwiritsa ntchito. Koma mwayi umenewu ndi wa nyumba zobweretsa phindu, monga mahotela, masitolo ndi nyumba za lendi. Sukulu ya mpingo silipira kale msonkho umenewu, ndiye palibe choichotsera, pokhapokha italowa m'mgwirizano wovuta ndi amalonda, wofuna maloya ndi akatswiri a zachuma. Komanso ndalama yokonzera uyambe waipeza wekha, kuchotseredwako kumabwera ntchito itatha. Chigawo cha Virginia chili ndi mwayi wakewake wa 25 pa 100, koma unayamba mu 1997, Hayes Hall itagwa kale zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo.

Kukula kwa vutoli kunaonekera mu 1998, pamene ofesi yowerengera chuma cha boma ya General Accounting Office inatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa makoleji 103 amene anakhazikitsidwira anthu akuda. Anapeza malo a mbiri 712, ndipo ndalama yofunika kuwakonza inayerekezedwa kukhala madola 755 miliyoni. Chaka chomwecho bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika makoleji amenewa pamndandanda wake wa malo 11 amene ali pangozi kwambiri. Lero National Park Service imapereka thandizo la ndalama lapadera lokonzera nyumba zakale za makoleji otere, ndipo kulembedwa m'kaundula ndiyo kiyi yotsegulira khomo limenelo. Pamenepa kaundula ali ndi phindu logwirika. Kungoti khomolo linatseguka mokwanira nyumba zambiri zitapita kale.

Mbali ya ntchitoyi imene ndimaiona kuti ndi yothandiza koposa, koma anthu saidziwa kwenikweni, ndi timabuku ta malangizo totchedwa Preservation Briefs. Tilipo pafupifupi 50, taulere, ndipo tinalembedwa ndi anthu odziwa mmene nyumba zimafera. Nyumba ya njerwa ya m'zaka za m'ma 1880 imayamba kufa kuchokera kudenga. Denga la mansard lili ndi mbali ziwiri: yam'munsi yotsetsereka kwambiri, yokutidwa ndi miyala ya sileti ndipo yokhala ndi mawindo otulukira kunja, ndi yapamwamba yoyandikira kukhala yafulati, kawirikawiri yokutidwa ndi malata. Pamene mbali ziwirizi zakumana, ndi kuzungulira windo lililonse, pali mpata umene madzi amaufunafuna. Choopsa kwambiri ndi ngalande za madzi a padenga. Pa nyumba zambiri za mtundu uwu ngalandezi zinabisidwa m'kati mwa matabwa okongoletsa pamwamba pa khoma. Ndi bokosi la matabwa loyalidwa chitsulo chopyapyala. Chitsulocho chikachita dzimbiri n'kubooka, kapena paipi yotsitsa madzi ikatsekeka ndi masamba ndi zisa za nkhunda, madzi sagwera panja pomwe munthu angawaone. Amalowa m'khoma kuchokera pamwamba, ndipo pamatha zaka wina asanazindikire.

Sileti payokha imakhalitsa zaka 100 kapena kuposa, koma misomali yachitsulo imene imaigwira imatha msanga, ndipo miyalayo imayamba kutsetsereka umodziumodzi. Kabuku nambala 29 kamapereka muyezo wosavuta: ngati miyala yosweka, yosowa kapena yotsetsereka yafika 20 pa 100 alionse, kufolera denga lonse kumatchipa kusiyana ndi kumangophatika. Madzi akalowa m'khoma, nyengo yozizira ya ku Virginia imamaliza ntchito. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 pa 100, ndipo amathyola nkhope ya njerwa. Njerwa yakale ndi yolimba kunja kokha, pomwe moto unafika bwino. Khungu limenelo likachoka, m'kati mofewamo mumanyenyeka msanga.

Apa ndi pomwe kukonza kosadziwa kumawononga kuposa kungosiya. Njerwa zakalezi ankazimanga ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, amene ndi wofewa ndipo amalola chinyezi kutulukira m'mizere. Mmisiri akamata mizereyo ndi simenti yolimba ya masiku ano, chinyezi chimasowa potulukira n'kudzera mu njerwa, ndipo njerwayo ndi imene imasweka, simenti n'kutsala itaima ngati chisa cha njuchi. Kabuku nambala 2 kamati chomatira chatsopano chikhale chofewa kuposa njerwa, ndipo chisalimbe kuposa chakale. Kamatinso mzere uzikumbidwa kuya kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka kutambalala kwake musanamate, ndipo kamachenjeza za makina odulira, amene amadya m'mbali mwa njerwa. Kutsuka khoma ndi mchenga wopopera mwamphamvu nako kumachotsa khungu lija tsiku limodzi.

Chomaliza kugonja ndi pansi pa nsanjika iliyonse. Nyumba zimenezi zilibe mafupa achitsulo. Makoma ndi amene amasenza zonse, ndipo mitanda ya matabwa yonyamula pansi imalowetsedwa m'mabowo a m'khoma. Khoma likanyowa, nsonga za mitandayo zimawola mobisika, pamene pakati pa chipinda pakuoneka bwinobwino. Mitanda yomweyo ndi imene imagwira makoma kuti asapendekere kunja. Ikangoleka kugwira, khoma limayamba kutupa, ndipo katswiri wa zomangamanga akafika amalemba kuti nyumbayo ndi yoopsa. Mvula ikakuona litsiro siikata: a inshulansi amakana nyumbayo, a mzinda amalamula kuti itsekedwe, ikatsekedwa palibenso wolowamo kuti aone pamene pakudontha, ndipo mtengo woikonzera umakwera chaka ndi chaka mpaka kugwetsa kumaoneka ngati nzeru. Sukulu imene ikuvutika kulipira aphunzitsi singaike denga la nyumba yopanda anthu patsogolo, ndipo n'zovuta kuiimba mlandu.

Ndi chifukwa chake kabuku nambala 31, kofotokoza kasungidwe ka nyumba yosagwiritsidwa ntchito podikira ndalama, kayenera kuwerengedwa ndi bungwe lililonse loyendetsa sukulu yakale. Dongosolo lake ndi lomveka. Jambulani ndi kulemba zonse mmene zilili. Itanani katswiri aone mphamvu ya nyumba, ndipo chirikizani pofooka. Tsekani denga ndi kukonza ngalande kuti madzi azipita kutali ndi maziko. Chotsani nkhunda, makoswe ndi chiswe, n'kutseka mabowo ndi waya wa sefa. Zimitsani magetsi osafunika, tsekani madzi ndi kukhetsa mapaipi kuti asaphulike ndi chisanu. Tsekani mawindo ndi matabwa, koma musatseke mpweya, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Nyumba yotsekedwa ndindindi imachita thukuta m'kati, nkhungu imamera, pulasitala amagwa. Pamafunika timipata ta mpweya m'munsi ndi m'mwamba kuti mpweya wonse wa m'nyumbamo uzisinthika kamodzi mpaka kanayi pa ola, kochepa nyengo yozizira, kochuluka nyengo yotentha. Pomaliza pakhale munthu woyendera nyumbayo pandandanda wolembedwa. Kabukuka kamanena mosabisa kuti ntchitoyi ikhoza kudya 10 pa 100 kapena kuposa a ndalama yokonzera nyumba yonse, ndipo ikhoza kuisunga mpaka zaka 10. Si yotchipa, koma imagula nthawi.

Ofuna chitetezo chenicheni cha lamulo ayang'ane zida zina ziwiri. Choyamba ndi pangano lotchedwa easement, limene mwini nyumba amasaina mwa kufuna kwake ndi chigawo cha Virginia kudzera ku DHR. Limalembedwa pamodzi ndi zikalata za umwini wa malo, limagwira mpaka kalekale ngakhale nyumbayo itagulitsidwa, ndipo limaletsa kugwetsa kapena kusintha kwakukulu popanda chilolezo cholembedwa. Chachiwiri ndi malamulo a mzinda. Lynchburg ili ndi madera a mbiri okhazikitsidwa ndi khonsolo, monga Diamond Hill ndi Garland Hill, kumene mwini nyumba amayenera kuonekera ku komiti asanagwetse kapena kusintha kunja kwa nyumba yake. Kaundula wa dziko lonse ndi dera la khonsolo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zikwangwani zake zimafanana. Chimene chimaluma ndi cha khonsolo.

Kalembetsedwe ka malo sikovuta kukatsata. Ku Virginia mumayamba ndi fomu yaifupi yotchedwa Preliminary Information Form, yokhala ndi zithunzi ndi mapu. Akatswiri a DHR amaiunika, kenako komiti ya State Review Board imanena ngati malowo akuyenera. Akavomereza mumalemba fomu yathunthu, imene imapita kumakomiti awiri okumana kanayi pachaka, ndipo ikadutsa imatumizidwa ku National Park Service, amene ali ndi masiku 45 oti apereke yankho. Aliyense akhoza kulemba, koma ambiri amalemba ganyu katswiri chifukwa Gawo 8 limafuna umboni wolongosoka. Chochedwetsa kawirikawiri ndi malire a malo osajambulidwa bwino, zithunzi zosakwanira za m'kati, ndi mbiri yongotamanda popanda kusonyeza pamene yachokera.

Wokafika lero pa Garfield Avenue ku Lynchburg apeza sukulu ikugwirabe ntchito. Nyumba zakale zimene zinawerengedwa mu fomu ya 2011 ndi Graham Hall ya 1917, Humbles Hall ya 1920 mpaka 1921, imene mapulani ake anajambula ndi katswiri wakuda Romulus C. Archer Jr., ndi nyumba ya sayansi ndi laibulale ya Mary Jane Cachelin ya 1946. Palinso chipilala chokumbukira Hayes. Nyumba zitatuzi zonse zinamangidwa Chilembwe ataphedwa kale mu Febuluwale 1915, kotero palibe khomo latsala pabwaloli limene iye analowapo. Tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe nacho chinaphulitsidwa ndi boma la atsamunda chaka chomwecho cha 1915. Dzina lake mumzindawu lili pa chikwangwani cha mbiri cha m'mbali mwa msewu, chimodzi mwa zikwangwani zimene DHR imavomereza mu pulogalamu imene Virginia inayamba mu 1927, ndipo Ota Benga alinso ndi chake. Zikwangwanizi zimakhala ndi mawu pafupifupi 100 basi, ndiye konzekerani ulendo wanu powerenga mafomu awiri aja musananyamuke. Nyumba ya Anne Spencer pa Pierce Street, imene inalembedwa m'kaundula yemweyu mu 1976, ikadaima ndipo imalandira alendo, chifukwa panapezeka abale ndi anthu ena odzipereka amene anapitiriza kukonza denga lake ndi kulima m'munda wake wa maluwa.